Daniel Kachamba: Mnyamata wa ku Chileka Amene Adaphunzitsa Gitala Chichewa

Munthu woyenda madzulo m'misewu ya ku Area 9 mu mzinda wa Lilongwe, kapena wowoloka mlatho wa mtsinje wa Lilongwe kupita ku msika waukulu wa ku Old Town, sangalephere kumva nyimbo za achinyamata a masiku ano. Zimatuluka m'mipanda ya njerwa, m'maminibasi, m'magolosale ndi m'mafoni a ana a sukulu. Zambiri mwa izo ndi za hip-hop, maimbidwe aja ochokera ku America amene woimba amalakatula mawu mothamanga pamwamba pa kugunda kwa ng'oma za makina. Koma wotchera khutu bwino amamva kuti pansi pa mawuwo nthawi zina pakulira mbalule ya gule wamkulu, pena kuomba m'manja kwa chitelera, pena kanyimbo ka masewera a ana a pabwalo mwezi ukawala.

Pa nyimbo zimenezi pali madandaulo awiri otsutsana, ndipo aphunzitsi amawamva onse. Akuluakulu ena amati ana ataya za makolo nathamangira za eni ake. Ena amati kulakwa kwa anawa ndi kwakuti atenga za makolo zomwezo nazisakaniza ndi phokoso lachilendo mpaka kuzichotsa ulemu. Wachinyamata amene ali pakati pa mawu awiriwa amasowa pogwira, pakuti akaimba za kunja amatchedwa wotayika, akaimba za kumudzi amatchedwa wotsalira, ndipo akaphatikiza amatchedwa woononga. Mlandu umenewu si wa lero ai. Padali munthu wina amene adakumana nawo ana awa asanabadwe, nauweruza ndi zala zake pa nsambo za gitala. Munthuyo ndi malemu Daniel James Kachamba, amene dziko lidamudziwa ndi dzina lakuti Dr. Daniel Kachamba. Iye sadaimbepo hip-hop, koma njira imene oimba hip-hop ya Chichewa akuyendamo lero adailambula ndi iye pamodzi ndi anzake a m'misewu.

Daniel adabadwa m'chaka cha 1947 ku Limbe, dziko lino likali Nyasaland. Kwao kwenikweni kudali m'mudzi wa Singano ku Chileka, kufupi ndi bwalo la ndege. Bambo ake, a James Kachamba, adali woimba gitala, motero mwanayo adakula akuona gitala pakhomo monga momwe ana ena amaonera khasu ndi nkhwangwa. Zaka zimenezo maimbidwe a m'dziko muno adali pa mphambano. Asilikali amene adabwerako ku nkhondo yachiwiri ya dziko lonse adabwera ndi mabanjo ndi magitala, ndipo zida zimenezi zidayamba kulowa m'malo mwa bangwe ndi zeze pa mowa ndi pa maukwati. Abale a kwa Paseli adatchuka ndi nyimbo yao ya Napolo, yonena za chigumula chimene chidagwa ku Zomba m'chaka cha 1946. Wailesi ya ku Lusaka inkaulutsa mawu m'Chinyanja, ndipo kuyambira 1949 anthu wamba adayamba kuimva kudzera m'kawailesi kotsika mtengo kooneka ngati sefuliya. Mwana wa m'mudzi wa Singano akadatha kumva ng'oma za chinamwali usiku, m'mawa mwake n'kumva gitala wa ku Kongo pa galamafoni ya mnansi wobwera ku ulendo.

Aulendo oterewa adali ambiri, chifukwa Nyasaland idali dziko lotumiza ana ake kukagwira ntchito kwa eni. Ena ankalembedwa ndi Wenela kupita ku migodi ya ku Joni, ena ankapita ndi Mthandizi ku minda ya fodya ya ku Southern Rhodesia, ndipo ena ankangonyamuka okha pa ulendo wa selefu. Amene adakhalitsa osabwerera adatchedwa matchona. Banja la a Kachamba lidalowa nawo mu mtsinje umenewu m'masiku a Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, ndipo kuyambira 1957 mpaka 1961 lidakhala ku Salisbury, mzinda umene lero ndi Harare. Daniel adafika kumeneko ali ndi zaka 10 nachokako ali ndi zaka 14. Aphunzitsi onse amadziwa kuti pa msinkhu umenewu khutu la mwana limatola chilichonse, ndipo chimene latola silitaya. Chimene Daniel adatola m'malokeshoni a ku Salisbury chidali kwela.

Kwela idabadwira m'malokeshoni a ku Johannesburg m'zaka za m'ma 1950. Eni ake adali ana amphawi amene ankaona oimba jazi a ku America m'mafilimu a ku bayisikopo, nasirira malipenga ao onyezimira, koma analibe ndalama zogulira ngakhale limodzi. Chimene akadatha kugula chidali kachitoliro kachitsulo ka mabowo 6, ka mtengo wa makobidi ochepa. Tsono anawo adakakamiza kachitoliroko kuti kalire ngati lipenga la jazi. Ankakalowetsa kwambiri m'kamwa, mopendeketsa chakutsaya, kuti mawu ake anenepe ndi kutinso athe kuwapinda monga momwe munthu amapindira liwu lake poimba. Maina a Spokes Mashiyane ndi Lemmy Mabaso adamveka kuchokera ku Cape mpaka ku Zambezi, ndipo m'chaka cha 1958 nyimbo ya kwela yotchedwa Tom Hark idafika pa nambala 2 pa mndandanda wa nyimbo zogulidwa kwambiri ku Britain, ngakhale anyamata amene adaiimba adangolandirapo ndalama zochepa. Dzina lenilenilo lili ndi mbiri yowawa. M'Chizulu khwela ndi mawu omwe aja a Chichewa akuti kwera, ndipo galimoto ya apolisi imene inkasesa anthu akuda m'misewu inkatchedwa khwela-khwela. Adali maimbidwe a ana ozolowera kuimba diso limodzi lili ku msewu.

Banja litabwerera ku Chileka, Daniel adasonkhanitsa kagulu kake. Iye ankaimba gitala ndi kutsogolera nyimbo. Mng'ono wake Donald, amene adayamba kuliza chitoliro akali wamng'ono ndithu, ndiye adali mwini chitoliro. Mnyamata wina ankagwedeza maseche, ndipo wina ankaliza besi ya chingwe chimodzi, yopangidwa ndi bokosi, ndodo ndi chingwe chokhuthala. Woliza besiyo ankaweramitsa ndodo kapena kuikoka kuti chingwe chikungike kapena chilefuke, ndipo mwa njira yokhayo ankapeza mawu onse ofunika. Chida chimenechi ndicho kholo la babatoni amene akuoneka m'misika lero lino. Anyamatawo ankayenda kuchokera ku Chileka kupita m'tauni ya Blantyre ndi ya Limbe, naimba pa misika, pa makonde a masitolo ndi pa malo omwera mowa, anthu n'kumawaponyera makobidi. Kunena zoona, ntchito imeneyi inalibe ulemu. Woimba gitala masiku amenewo ankayesedwa mlesi ndi woyendayenda, munthu wosayenera kupatsidwa mbeta, ndipo makolo ambiri akadakonda kuti mwana wao akhale mesenjala wa pa boma kusiyana ndi kukhala katswiri wa nsambo.

Magulu a kwela adalipo ambiri m'Blantyre m'zaka za m'ma 1960, ndipo ambiri mwa iwo ankangobwereza zimene adamva pa mbale za galamafoni za ku Joni. Apa ndi pamene Daniel adasiyana ndi anzake, ndipo ndi pamene pagona nkhani yonse ya moyo wake. Iye sadaope kubwereka. Adabwereka kwela ndi jaivi, adabwereka sinjonjo ndi simanjemanje, adabwereka rumba ya ku Kongo ndi ya ku Kenya imene iye ankaitcha lumba, adabwerekanso kalizidwe ka hauyani kamene dzina lake lidachokera ku zilumba za Hawaii. Koma chilichonse chimene chidalowa m'manja mwake chidatulukamo chitasintha mtundu. Gitala wa Azungu ali ndi nsambo 6. Poimba ndi gulu lake Daniel ankachotsa nsambo yachisanu natsala ndi 5, ndipo ankakunga nsambozo m'njira zosiyanasiyana zimene adazipatsa maina akeake. Poimba yekha ankagwiritsa ntchito chala chachikulu ndi chala chamkombaphala. Chachikulu chinkagunda mawu apansi monga ng'oma yosunga mayendedwe a gule, ndipo chinzake chinkalowetsa mawu apamwamba m'mipata yotsala, monga amachitira anthu awiri oliza mangolongondo atakhala moyang'anana, kapena amayi awiri osinja mu mtondo umodzi. Womvera ali patali ankayesa kuti akuimba ndi anthu awiri kapena atatu.

Kamangidwe ka nyimbo zake kadalinso ka kumudzi. Nyimbo ya m'buku la kutchalitchi imayamba, n'kukwera, n'kutha. Nyimbo ya pabwalo imazungulira: kachidutswa kafupi kamabwerezedwa kosalekeza, ndipo luso la woimba limaoneka pa zimene akuluka pamwamba pa kachidutswako, posintha mawu, potchula dzina la wina amene ali pomwepo, poponya mwambi. Daniel ankaimba chomwecho. Nkhani zake zidali za ukwati, nsanje, ulendo, umphawi ndi imfa, nkhani zomwe zija zimene amayi ankadandaula nazo pa mtondo pofuna kuti mwamuna kapena apongozi amve popanda kuwatchula. Chinenero chake chidali Chichewa cha ku Chileka, koma nthawi zina ankaponyamo mawu a zinenero zina zimene adazimva m'malokeshoni ndi pa galamafoni, chifukwa cha kukoma kwa kamvekedwe kake. Mphunzitsi amene amakwiya ndi mwana wa Fomu 3 wosakaniza Chichewa ndi Chingerezi m'nyimbo zake akumbukire kuti chizolowezi chimenechi n'chakale kuposa mwanayo. Chofunika kufunsa ndi chakuti kodi mwanayo akusakaniza chifukwa chodziwa zinenero zonse ziwiri, kapena chifukwa chosadziwa chilichonse mwa izo.

Pano mpofunika kupatuka pang'ono. Anthu amene amati za makolo zisakhudzane ndi zachilendo amaiwala mbiri ya magule amene iwo eni amawatcha a makolo. Beni wa Ayao, malipenga a Atonga ndi mganda wa m'chigawo cha pakati adabadwa pamene anyamata adaona perete wa asilikali a Azungu, natengera mayunifolomu, maudindo ndi kaguba, nasandutsa zikho kukhala malipenga otchedwa badza. Pa nthawi yake magule amenewa adali zachilendo za achinyamata, ndipo atsamunda ndi amishoni ena sadakondwere nawo. Lero ndi amene amavinidwa pamaso pa alendo olemekezeka monga chuma cha mtundu. Daniel Kachamba adachita kwa gitala chimene agogo ake adachita kwa perete.

M'chaka cha 1967 kudafika ku Blantyre alendo awiri ofufuza za maimbidwe a mu Africa. Wina adali Gerhard Kubik wa ku Vienna m'dziko la Austria, amene iye mwini adali woimba jazi, ndipo mnzake adali Maurice Djenda wa ku Central African Republic. Iwo adakumana ndi kagulu ka anyamata a ku Chileka kakuimba m'tauni. Daniel adali ndi zaka 20, Donald adali asanakwane zaka 15. Kubik adazindikira msanga kuti chimene akumva si kutengera chabe ai. Adawatsatira anyamatawo mpaka ku Singano, nakhala nawo, najambula nyimbo zao pa tepi ndi pa filimu. Kuchokera m'ntchito imeneyi mudatuluka buku lotchedwa The Kachamba Brothers' Band, limene lidasindikizidwa m'Chingerezi m'chaka cha 1974 mogwirizana ndi Yunivesite ya Zambia. Ndi oimba ochepa kwambiri a m'misewu ya mu Africa amene pa nthawi imeneyo adalembedwapo buku lathunthu, lofotokoza makungidwe a nsambo zao, kagwiridwe ka chitoliro ndi tanthauzo la nyimbo zao mofanana ndi momwe akatswiri amalembera za oimba otchuka a ku Ulaya.

M'nkhani imeneyi muli kanthu kochititsa manyazi, ndipo kukabisa sikungathandize. Anyamatawo adakhala akuimba pamaso pa anthu a m'Blantyre kwa zaka zingapo. Makalaliki, aphunzitsi ndi akuluakulu a boma ankawadutsa tsiku ndi tsiku. Padafunika munthu wochokera ku Vienna kuti aime, amvetsere, nanene kuti apa pali luso. Kubik sadawaphunzitse anyamatawo kuimba. Iye ndiye adaphunzira kwa iwo, ndipo pambuyo pake adakhala woliza kilalineti m'gulu la Donald kwa zaka zambiri. Koma ulemu wa kwao udabwera utayamba wadzera kunja, ndipo matenda amenewa sadatheretu m'dziko muno.

M'chaka cha 1972 abale awiriwa adaitanidwa ndi bungwe la Ajeremani la Goethe-Institut kukaimba ku Nairobi, ndipo kuchokera pamenepo khomo la ku Ulaya lidatsekuka. Daniel adaimba ku Austria ndi ku Germany pamaso pa ophunzira ndi akatswiri a jazi, amene ankafuna kuona ndi maso ao momwe zala ziwiri zingatulutsire mawu ochuluka chotero. Mafilimu awiri oonetsa kalizidwe kake ka gitala adalowa m'nkhokwe ya mafilimu a maphunziro yotchedwa Encyclopaedia Cinematographica mu mzinda wa Göttingen. Mnyamata amene sadapite patali ndi sukulu adaima kutsogolo kwa anthu a madigiri, iwo ali ndi mapensulo m'manja. Atabwerako, dzina la udokotala lidamumatirira, ndipo kuyambira pamenepo wailesi ndi anthu onse ankangoti Dr. Daniel Kachamba.

Abale awiriwa sadapitirire kuyenda njira imodzi. Donald adakhazikitsa gulu lake la kwela, nasunga chitoliro pa nthawi imene eni ake a ku Johannesburg adali atachitaya kale n'kutola saksofoni ndi magitala amagetsi. Gulu lakelo lidayenda m'maiko oposa 30 a mu Africa, ku Ulaya ndi ku America. Daniel adatsamira kwambiri pa kuimba yekha, gitala ali m'manja, nthawi zina kalimba kapakamwa kali kukamwa. Adali munthu wa nthabwala ndi wa matsenga pa gitala, wodziwa kuseketsa anthu kwinaku zala zikugwira ntchito yao osaphonya. Nyimbo zake, monga ija ya Dolosina Lumba, zidamveka pa wailesi ya MBC, imene idakhazikitsidwa m'chaka cha 1964 ndipo kwa zaka pafupifupi 30 idali wailesi yokhayo m'dziko muno. Kanema kunalibe. Motero Amalawi ambiri a ku Lilongwe, ku Kasungu kapena ku Karonga adalidziwa liwu la Daniel ngati la mbale wao, koma nkhope yake sadaione, pamene ophunzira a ku Germany ankatha kuonera zala zake pa filimu mobwerezabwereza.

Kutchuka sikudamulemeretse. Masiku amenewo m'dziko muno munalibe makampani akuluakulu ojambula ndi kugulitsa nyimbo, ndipo woimba akajambulitsa nyimbo ku wailesi ankalandira kandalama kochepa, nyimboyo n'kumaulutsidwa zaka ndi zaka. Lamulo latsopano loteteza eni nyimbo ndi mabuku lidadza m'chaka cha 1989, ndipo bungwe la COSOMA lotolera ndalama za oimba lidayamba ntchito m'chaka cha 1992. Zonsezi Daniel sadazione. Dokotala wa gitala adakhalabe munthu wa m'mudzi wa Singano, wodya thukuta la tsiku lomwelo, monga adaliri Allan Namoko wa ku Thyolo, wosaona uja wa banjo, ndi ena ambiri a m'badwo umenewo. Achinyamata amene amauzidwa lero kuti luso ndi chuma ayenera kumva mbali iyinso ya mbiri. Luso lidampatsa Daniel dzina, lidamuonetsa maiko, lidampatsa liwu pakati pa anthu amene akadamuyesa chabe. Ndalama zidapita kwina, chifukwa panalibe lamulo kapena bungwe lomuimira.

Pamene Daniel adali pa chimake cha kutchuka kwake, kutsidya kwa nyanja kudachitika chinthu chimene poyamba chidaoneka chaching'ono. Pa 11 Ogasiti 1973, m'dera la amphawi la Bronx mu mzinda wa New York, mnyamata wobadwira ku Jamaica wotchedwa DJ Kool Herc adaimbitsa magalamafoni pa phwando la achinyamata, ndipo tsiku limenelo ndi limene ambiri amaliwerenga ngati chiyambi cha hip-hop. Luso lake lidali lakuti adatenga kachidutswa kafupi ka ng'oma m'kati mwa nyimbo, nakabwereza kosalekeza pogwiritsa ntchito mbale ziwiri zofanana, kuti ovina avine ndipo olankhula alankhulirepo. Wowerenga amene watsata bwino nkhani ino waona kale kufanana kwake. Ana a ku Bronx analibe ndalama zogulira zida, monga ana a ku Johannesburg ndi a ku Chileka, ndipo adasandutsa chimene chidali pafupi kukhala chida. Nyimbo yao idali yozungulira, kachidutswa kamodzi pansi ndi mawu osinthasintha pamwamba, monga nyimbo ya pa mtondo ndi ya pa gitala wa Daniel. Nawonso ankaimba apolisi ali pafupi. Jazi amene adabala kwela ndi hip-hop imene idadza pambuyo pake zonse zidachokera kwa zidzukulu za Aafrika amene adatengedwa ukapolo, ndipo Kubik yemwe uja adalemba buku lina m'chaka cha 1999, lotchedwa Africa and the Blues, lolondola mizu imeneyi. Tsono mwana wa ku Lilongwe akaika ng'oma ya kwao pansi pa hip-hop, sakukwatitsa alendo awiri osadziwana, koma akukumanitsa abale amene adasiyana kalekale.

Daniel Kachamba adamwalira pa 25 Julayi 1987, ali ndi zaka pafupifupi 40. Mwa nyimbo zimene adapeka muli ina yotchedwa Maliro a Kachamba, m'mene adaimba za maliro ake omwe iye akali moyo, ndipo anthu atamva za imfa yake adaikumbukira nyimboyo ndi mantha pang'ono. M'chaka cha 1992 nthambi ya zaluso ya ku Chancellor College ku Zomba idatulutsa kaseti yomukumbukira, yokhala ndi nyimbo zake.

Mudzi wa Singano sudazime moto. Donald adapitiriza ndi chitoliro chake, ndipo m'chaka cha 1999 adaitanidwa kukaphunzitsa ophunzira a pa yunivesite ya UCLA ku Los Angeles. Adamwalira mu Januwale 2001. Moya Aliya Malamusi, amene adali kamnyamata m'mudzimo pamene Kubik adafika koyamba, adakula nakhala katswiri wofufuza za maimbidwe ndi nthano, nakhazikitsa ntchito yosunga zimenezi ku Chileka komweko. Ku Chileka kudachokeranso Robert Fumulani wa gulu la Likhubula River, ndi Evison Matafale amene adatenga rege ya ku Jamaica naiimba m'Chichewa cholasa mtima, mpaka imfa yake ali m'manja mwa apolisi ku Lilongwe mu Novembala 2001. Ana a Fumulani adapitiriza gulu la Black Missionaries limene Matafale adasiya. Aliyense wa iwowa adatola maimbidwe a kutali, wina kwela, wina rege, nawalankhulitsa chinenero cha pakhomo, ndipo n'zovuta kukhulupirira kuti zidangochitika mwangozi kuti onsewa achokere dera limodzi.

Hip-hop idalowa m'Malawi ndi khomo losiyana ndi la kwela. Kwela idabwera ndi matchona, wapansi ndi pa sitima. Hip-hop idafika m'zaka za m'ma 1990 kudzera m'makaseti, m'mavidiyo ndi m'makanema a setilaiti, zinthu zimene poyamba zinkapezeka m'nyumba za anthu opeza bwino, m'madera ngati Area 9, Area 10 ndi Area 43 ku Lilongwe kapena Sunnyside ndi Namiwawa ku Blantyre. Wailesi zatsopano zimene zidatsekulidwa ulamuliro wa chipani chimodzi utatha, pamodzi ndi kanema wa dziko lino amene adayamba m'chaka cha 1999, zidaifalitsa m'malokeshoni. Oimba oyamba ambiri ankalakatula m'Chingerezi cha ku New York, natchula misewu imene sadaipondepo, monga momwe magulu a kwela a m'Blantyre ankabwerezera za ku Joni. Kenaka kudadza kutembenuka komwe kuja kumene Daniel adachita zaka 30 m'mbuyomo. Gulu la Real Elements, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, lidaonetsa kuti Chichewa chingathe kukhala m'hip-hop popanda manyazi. Limbani Kalilani, wodziwika kuti Tay Grin, adadzitcha Nyau King, naika ng'oma ndi zilombo za gule wamkulu m'nyimbo ndi m'mavidiyo ake, ndipo nyimbo yake ya Chipapapa idachokera ku masewera a ana oomberana m'manja.

Pali kusiyana kumodzi kumene sikuyenera kupeputsidwa. Zimene Daniel adatenga kumudzi zidali za poyera: kalukidwe ka mangolongondo, madandaulo a pa mtondo, nthabwala za pa mowa. Gule wamkulu, amene bungwe la UNESCO lidamuzindikira m'chaka cha 2005 monga chuma cha anthu onse, ali ndi eni ake, ali ndi dambwe, ali ndi nthawi yake ya maliro, ziliza ndi chinamwali. Akuluakulu a mwambo akadandaula kuti zilombo zikutulutsidwa pa malo osayenera, dandaulo lao lili ndi maziko, ndipo woimba wanzeru amayamba wagwada kwa eni bwalo asanatenge ng'oma yao. Chimene mbiri ya Daniel ikuonetsa n'chakuti iye adatha kupinda gitala chifukwa adali atamwa kale maimbidwe a kwao mpaka kukhuta. Wachinyamata amene akudziwa gule kudzera pa foni pokha angathe kubwereka chigoba, koma kagundidwe ka mbalule kadzamuthawa.

M'misewu ya Lilongwe momwemo, anyamata awiri, Yobu Maligwa ndi Yosefe Kalekeni, adakhala zaka zambiri akuimbira anthu odutsa, wina ali ndi babatoni wopanga yekha, mnzake ali ndi gitala wa nsambo 4 ndi ng'oma yogunda ndi chidendene. Gulu lao la Madalitso Band lidakaimba ku chikondwerero cha Sauti za Busara ku Zanzibar m'chaka cha 2017, patapita zaka 50 chikumanirane Kubik ndi anyamata a ku Chileka, ndipo kuchokera kumeneko lidaitanidwa ku Ulaya. Anthu ambiri a mu mzindawu amene ankawadutsa pa khonde la sitolo adayamba kufunsa maina ao atamva kuti akwera ndege. Zina mwa zithunzi zimene Kubik adajambula zidatulutsidwa pa vidiyo yotchedwa African Guitar m'chaka cha 1995, ndipo zidutswa zake zidafika pa intaneti, kotero kuti nkhope imene omvera MBC sadaione m'masiku a moyo wake ikuoneka tsopano pa foni ya mwana wa sukulu: Daniel ali chikhalire, gitala ali pa ntchafu, zala ziwiri zikusinthana pa nsambo.